Nyali Yofiira Imene Sinayake

"Tsegulaninso chitsekocho, aphunzitsi," anatero makaniko, khutu atalitsamiritsa pa boneti ngati dokotala womvetsera chifuwa.

Ndinatsegula. Pansi pa boneti panamveka kulira kuja kumene ndinali nditakuzolowera, konga kwa njuchi yotsekeredwa m'botolo. Kunalira, kunaleka, ndipo ndisanabweze n'komwe chitseko kunayambiranso.

"Mwaimva? Ndi pampu ya mabuleki imeneyo. Yamoyo imalira kamodzi n'kukhala chete. Yanuyi ikulira ngati mwana wamasiye."

Ankadziwa kuti ndinaika mkazi wanga m'manda chaka chapitacho, poti malemuyo ndiye ankabweretsa galimotoyo kugalaja kwake. Sanapepese. Anangopukuta manja pa ovolosi n'kupita kukatenga kakompyuta kake.

Galimotoyo inali ya mkazi wanga. Inali ya haibulidi, zija zoyendera batire ndi petulo mosinthanasinthana, zonyamuka mwakachetechete ngati mphaka. Anaigula yogwirapo kale ntchito, ndipo pofika m'manja mwanga inali nkhalamba inzanga. Kulira kwa pampuko iye ankakutcha moni. Akatsegula chitseko m'mawa, njuchiyo n'kulira, ankayankha kuti, tadzuka bwino, kaya inu. Choncho pamene kulirako kunayamba kuchuluka m'miyezi yotsatira maliro, ine sindinakumve ngati matenda. Chimene chinanditengera kugalaja ndi nyali yofiira imene inayamba kuyaka kuseri kwa chiwongolero, limodzi ndi kabelu kosatopa kamene kankaposa wailesi.

Makaniko anandifotokozera mosathamanga, maso ali pa kompyuta. Anati galimoto zamtunduwu zimanamiza. Ukaponda buleki uli pa liwiro, chimene chimachepetsa liwirolo ndi mota ya magetsi, ndiye phazi limakuuza kuti zonse zili bwino. Mabuleki enieni amadzalowerera pamapeto, galimoto ikatsala pang'ono kuima, ndipo mphamvu yake imachokera m'kathanki kamene pampu ija imadzaza. Kathanki kangako kanali katayamba kutaya mphamvu m'kati, n'chifukwa chake pampu sinkapuma. Tsiku lina, anatero, ndidzaponda buleki kangapo motsatizana, mwina pamtsetse, mwina pamzere wa magalimoto, kathankiko kadzauma, ndipo chopondera chidzalimba ngati mwala.

"Pamenepo mudzafunika mwendo wa wosewera mpira, osati wanuwo."

Mtengo sanautchule pakamwa. Anaulemba ndi chala pa fumbi la galasi lakumbuyo. Ndinaphunzitsa masamu moyo wanga wonse, komabe maziro aja ndinawawerenga kawiri. Chipangizo chatsopano chinkaposa mtengo wa galimoto yonse, matayala ndi wailesi zomwe. Penshoni ya mphunzitsi sikanafikako ngakhale ndikanasiya kudya.

Nditafunsa za mapampu akale, ochotsedwa m'galimoto zangozi, anaseka. "Alipo mbwee. Koma pampu ikakhala pa shelefu, yamoyo ndi yakufa nkhope n'zofanana. Mumakadziwira pamsewu."

Pamene ndinkalowa m'galimoto anayang'ana miyendo yanga. "Nanga mpandowu bwanji osaubweza m'mbuyo? Mukuyendetsatu maondo ali kukamwa."

Ndinamuuza kuti ndinazolowera. Mkazi wanga anali wamfupi, ine ndine wamtali, ndipo mpando unali pomwe anausiya tsiku lomaliza limene anayendetsa. Sindinkaulilira mpandowo, sindinkaulankhula. Ndinkangoona kuti palibe chifukwa chousunthira. Sindinkadziwa kuti anthu ankaona.

Lamlungu ndinakaitula nkhaniyi kwa mwana wanga wamkazi, yekhayo amene tinabereka. Mwamuna wake amagulitsa galimoto zakale pabwalo lake lampanda, pamwamba pa chitunda, m'mbali mwa msewu waukulu. Ndi munthu wa mawu okoma ndi nsapato zowala, amene amakupatsa moni ndi manja awiri maso ali pa wotchi yako. Sanadikire kuti ndimalize. Anati makaniko wangayo ndi wakuba wovala ovolosi, kuti anyamata ake zinthu zoterezi amazikonza asanamwe n'komwe tiyi, kuti amakaniko a masiku ano akaona imvi amawonjezera ziro. Ndimusiyire galimotoyo, anatero, aikonze, aigulitse, ine ndipumule.

Ndinati kuigulitsa sindikukana, bola igulitsidwe itakonzedwa, apo ayi wogulayo auzidwe chilungamo.

"Bambo, inu ndi choko, ine ndi galimoto," anatero mkamwini wangayo akumwetulira. "Kodi ine ndinabwerapo m'kalasi mwanu kudzakuthandizani masamu?"

Mwana wanga ankasonkhanitsa makapu. Anafanana ndi mayi ake kuyambira pachipumi mpaka kachizolowezi kopinda milomo asananene chinthu chopweteka. Anaipinda.

"Adadi, galimoto si manda. Amami mulibemo muja. Sayinani mapepala ogulitsira, anthu akuthandizeni."

Ndinasayina. Galimoto ndinaisiya komweko ndipo ndinabwerera pa basi. Pakhomo panga panatsala malo ouma pasimenti, a makona anayi, amene mvula sinkafikapo. Masiku oyamba ndinkawazungulira potuluka, ngati pali chinthu choti ndingachigunde.

Patapita sabata ndi masiku, mkamwini anaimba foni. Anati galimoto yachira, wogula wapezeka, ndibwere Loweruka ndidzatenge tinthu ta malemu timene tinatsala m'kabokosi ka kutsogolo.

Ndinaipeza itatsukidwa, matayala atapakidwa zakuda, itaima kumtunda kwa bwalo mphuno italoza kugeti. Wogulayo anali namwino, mayi wa msinkhu wa mwana wanga, atavala yunifolomu ndi juzi pamwamba pake. Anali atabwera molunjika kuchokera kuntchito. Anandipatsa moni mwaulemu, n'kundiuza kuti wakhala akusunga ndalama kwa zaka, kuti watopa ndi kulimbirana basi m'mamawa ali ndi ana awiri m'manja, ndiponso kuti wasankha imeneyi chifukwa siimwa mafuta. Anali atailawa kale ndi mkamwini pamsewu wathyathyathya wa kuseri kwa bwalo, ndipo anaikonda. Sukulu ya anawo, anatero, ili kumunsi kwa mtsetse uja wotsikira kumlatho. Msewuwo ndinkaudziwa. Umakhota mobwerezabwereza, ndipo palibe amene amautsika phazi lisakuvina pa buleki.

Ndinatsegula chitseko cha woyendetsa. Njuchi ija inalira, inaleka, inayambiranso.

Ndinakhala pampando. Wina anali ataubweza m'mbuyo, ndipo miyendo yanga inatambasuka ngati m'galimoto ya eni. Ndinadina batani loyatsira. Galimoto ikamayaka, nyali zonse zochenjeza zimayamba zaoneka pamodzi kwa kamphindi, ngati ana oyankha maina m'kalasi, kenako n'kuzima. Zinayankha: ya batire, ya injini, ya lamba, ya mafuta. Pakona pamene pankakhala yofiira ija panali mdima. Kabelu nako kanali chete. Ndinazimitsa n'kuyatsanso. Mwana mmodzi yemweyo sanayankhe.

Ndinamuitanira pambali mkamwini, kuseri kwa lole yakufa imene inali pampanda. Ndinamufunsa chimene anasintha. Anati anyamata anachotsa mpweya m'mapaipi, anathira mafuta a mabuleki atsopano, anafufuta zolakwa mu kompyuta. Ndinamufunsa za nyali.

"Inkasokosa, ndiye tinaipumitsa. Bambo, galimotoyi yayenda sabata yonse, ikuima bwinobwino. Inu mwayenda nayo miyezi ingati ikulira? Munafa?"

"Mayiyu ali ndi ana."

"Inenso ndili ndi ana. Adzukulu anu omwe. Fizi yawo yaima pa matayala amenewo." Anandisasa fumbi paphewa, fumbi limene panalibe. "Tengani magalasi a amayi muzikapuma. Gawo lanu ndikutumizirani pafoni."

Ine si munthu wokweza mawu. Zaka zonse za m'kalasi sindinamenyepo tebulo. Ndinabwerera kwa namwino uja n'kumuuza mwachidule, monga ndikanafotokozera samu pa bolodi: pampu, kathanki, nyali yosayaka, mtsetse wa kumlatho. Anandimvetsera mpaka kumapeto. Nkhope yake inasintha, ndipo dzanja lake linabwerera pa zipi ya chikwama n'kuitseka.

Amene anaimaliza nkhaniyo ndi mwana wanga. Anali atatuluka mu ofesi, mmene amathandiza mwamuna wake Loweruka. Sanakalipe. Anayandikira namwinoyo ngati mayi kwa mayi mnzake, n'kutsitsa mawu, koma osati kufika poti ine ndisamve.

"Asisi, muwakhululukire. Chimwalirireni amayi, mutu sunabwerere bwinobwino. Galimotoyi amaiona ngati munthu. Chaka chonse akhala akuyendetsa atapinda miyendo, kukana kusuntha mpando wa amayi. M'mawa amakhalamo okhaokha, osapita kulikonse. Lero akuti mabuleki, dzana ankati matayala. Sakufuna kuti ichoke, basi."

Za matayala zinali zabodza. Za m'mawa zinali zoona, ndipo mpaka lero sindidziwa amene anamuuza.

Mkamwini anayatsa galimoto n'kumuitana namwino kuti aone yekha. "Onani, mayi. Nyali yofiira mukuiona? Galimoto yodwala imanena yokha. Iyi ikuti chiyani?"

Namwino anasuzumira, kenako anandiyang'ana, ndipo ndinaona maso ake akusintha kachiwiri. Tsopano anali maso a kuntchito, aja amene amayang'ana nawo okalamba okana mankhwala.

"Pepani, bambo," anatero mofatsa. "Ndidzaisamala. Mukaipukwa muzingondiimbira, ndizidzadutsa nayo kwanu."

Ndinapempha kuti ndiiyendetse komaliza, kuchoka pamene inali kukafika kugeti. Mkamwini anafuna kukana, koma namwino anali atagwedeza kale mutu, ndipo wamalonda sakana chifundo pamaso pa kasitomala. Anandipatsa kiyi ndi manja awiri.

Maganizo anga anali osavuta. Galimoto ikangoima, pampu imapeza mpata wodzazanso kathanki, ndipo phazi la mlendo silingamve vuto lililonse. Panafunika kuti maso aone. Bwalolo limatsetsereka pang'onopang'ono kulowera kugeti. Ndikanaponda buleki kangapo mofulumira, monga mayiyo akanachitira potsikira kumlatho, ndipo onse akanaona galimoto ikupitirira, nyali zakumbuyo zili gaa. Kenako ndikanaiimitsa ndi mphamvu, kapena ndi buleki yoimikira, imene m'galimoto imeneyi imapondedwa ndi phazi lamanzere. Sindinauze aliyense, chifukwa mkamwini akanandilanda kiyi.

Ndinalowa. Dzanja langa linapita lokha pansi pa mpando, linakoka kachitsulo, ndipo mpando unathamangira kutsogolo mpaka unagwira pamalo pake akale. Maondo anagunda kunsi kwa chiwongolero. Sindinaganizire, thupi linangochita zimene linazolowera. Pagalasi ndinaona mwana wanga akumugwira namwino pamkono, ngati akuti, mwaonatu.

Ndinaika giya, galimoto inanyamuka mwakachetechete. Ndinaponda buleki, kusiya, kuponda, kusiya, mofulumira. Njuchi inalira osalekeza. Poponda kwina chopondera chinakana kutsika. Makaniko sananame, unalidi mwala. Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse, koma mwendo wopindika ulibe mphamvu, ndipo bondo linali litakanirira pansi pa chiwongolero. Ndinafuna kukweza phazi lamanzere kuti ndifikire buleki yoimikira, bondo linalo linagundanso chiwongolero chomwecho. Mkazi wanga ankaifikira mosavuta.

Galimoto sinkathamanga. Inkangotsika mwaulemu, ngati munthu wopita kukaponya chopereka kutsogolo kwa tchalitchi. Ndinali ndi nthawi yoona mlonda akudumphira kumbali, ndi yoona malole akudutsa mumsewu waukulu kunja kwa geti lotsegula. Ndinakhotetsa chiwongolero n'kusankha chipilala cha geti.

Phokoso linali laling'ono kuposa mmene ndinkayembekezera. Boneti inapindika, madzi anayamba kuchucha pansi, chipumi changa chinakumana ndi chiwongolero.

Woyamba kufika anali namwino. Anatsegula chitseko n'kundigwira mutu ndi manja ozizira, odziwa ntchito yake. Ndinamuuza kuti alowetse phazi aponde buleki msanga, amve yekha.

"Musalankhule, bambo. Tsatirani chala changachi ndi maso."

Anandifunsa dzina langa. Anandifunsa kuti lero ndi lachingati, ndiponso ngati ndikudziwa kumene ndili. Ndinayankha zonse molondola, koma iye anali akuyang'ana kale kwa mwana wanga.

Pageti panasonkhana anthu: ogulitsa zipatso, odikira basi, owotcherera zitsulo a tsidya lina. Wina anafunsa ngati nyali zakumbuyo zinayaka, koma palibe amene anali wotsimikiza, poti aliyense ankayang'ana mlonda akudumpha. Mkamwini anayenda pakati pawo manja atatambasula.

"Aponda mafuta m'malo mwa buleki. Zimachitika ndi madala. Mwayi wake sanaphe munthu."

Atanditulutsa, mkamwini analowamo yekha, anakankhira mpando m'mbuyo, n'kuponda buleki anthu onse akuona. Pampu inali itapeza mpata wake. Chopondera chinatsika mofewa, nyali zakumbuyo zinayaka, anthu anagwedeza mitu. Wowotcherera wina anati agogo ake anachitanso chimodzimodzi ndi njinga yamoto, ndipo anthu anaseka.

Namwino uja anagula galimoto ina tsiku lomwelo, pabwalo lomwelo, yoyendera petulo yekha. Mkamwini anamutsitsirako mtengo chifukwa cha mantha amene anamva. Ana ake satsikira kumlatho m'galimoto ya mkazi wanga. Ndimadziuza zimenezo, ndipo n'zoona.

Mwana wanga anandiperekeza kunyumba. Anandiphikira tiyi, anasintha bandeji, kenako anatenga jekete langa pamsomali, anapisa m'thumba n'kutulutsa laisensi. Anaiika m'chikwama chake osandifunsa. Anati ndawachititsa manyazi pamaso pa kasitomala, kuti chipilala ndi boneti zadya gawo langa lonse, ndiponso kuti Lolemba andipititsa kwa dokotala wa mitu. Atafika pakhomo anaima, anayang'ana malo ouma aja pasimenti, n'kupinda milomo.

"Bola amami sanazione zimenezi."

Ndinabwerera kubwalo la mkamwini bala litapola, chifukwa m'chipwirikiti chija tinthu ta malemu ndinatisiya. Mkamwini kunalibe. Anali ataona kuti kukonza galimotoyo n'kutaya ndalama, ndiye anaiphwasula kuti aigulitse chiwalochiwalo. Kuseri kwa ofesi kunatsala chigoba chopanda zitseko, chitakhala pa njerwa. Mpando wa woyendetsa unali pansi pa mtengo pafupi ndi geti, mlonda atautsamira akumvera mpira pa wailesi. Atandiona anadzuka msanga, n'kuima patali ndithu, ngati ndikhoza kumugunda ndi wapansi womwe. Anandipatsa magalasi a dzuwa a mkazi wanga, atawasunga m'kajumbo. Kansalu kachikasu kamene malemuyo ankapukutira galasi m'mawa anati sanakaone.

Ndinakapeza ndekha. M'kashedi ka zipangizo, pa shelefu, pakati pa nyali zakutsogolo ndi magalasi a m'mbali, panali pampu ija. Anali ataitsuka ndi petulo mpaka kuwala, ataikhazika pa kansalu kachikasu, ndipo pathupi pake wina anali atalemba ndi penti yoyera kuti YABWINO. Dalaivala wa takisi, bambo wa imvi zongoyamba kumene, ankaitembenuza m'manja akunenerera mtengo ndi wogulitsa. Ankati yake yayamba kulira ngati njuchi, ndipo yatsopano sangaifikire ngakhale atagulitsa nyumba.

"Achimwene," ndinatero, "pampu imeneyo ndikuidziwa. Ndi yakufa. Inachoka m'galimoto yanga."

Dalaivalayo anatembenuka. Wogulitsa sanandiyang'ane n'komwe. Anangoweramira kwa kasitomala wake, n'kudzigogoda ndi chala pambali pa mutu.

"Apongozi a bwana. Aja anagumula geti."

Dalaivala anayang'ana chipsera cha pachipumi panga, anayang'ana magalasi achizimayi amene ndinali nawo m'manja, ndipo anamwetulira mwachifundo chenicheni.

"Zikomo, madala, tamva," anatero. "Khalani pamthunzi apo, dzuwa likuswa mtengo."

Kenako anakulunga pampuyo m'kansalu kachikasu kaja, ngodya ndi ngodya, mosamala ngati akufunditsa khanda, n'kuipanira m'khwapa.